Chaka chimene agogo anamwalira

Bambo anga anandituma chinthu chimodzi chokha, chaka. Ankafuna ndiwapezere chaka chimene bambo awo anamwalira kuti tikachilembetse pa chiliza. Ndinaseka, n'kuwauza kuti imeneyo ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Inanditengera miyezi inayi, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino kuiyamba.

Nthawi imeneyo n'kuti atangondisamutsira ku Nkhata Bay, ku maofesi a pa boma, komwe ntchito yanga ndi yosunga mafayilo. Ine ndinabadwira ku Lilongwe, malemu mayi anga anali a ku Dedza. Bambo ndiwo Mtonga wa konkuno, koma anachoka ali mnyamata, ndipo kumudzi ankangobwera pa maliro, mawa lake n'kubwerera. Chitonga changa chimathera pa moni. Ndikayesa kupitirira pamenepo mumsika, amayi ogulitsa usipa amakodolana, kenako n'kundiyankha m'Chichewa mondimvera chisoni.

Bambo anabwera kudzakhala nane impso zitawavuta. Mapazi anatupa mpaka nsapato kuwakana. Ankangokhala pakhonde tsiku lonse, wailesi ili pamwendo koma yosatsegula. Tsiku lina ndikuwapatsa mankhwala anandigwira dzanja.

"Amayi," umu ndi mmene ankandiitanira chiyambire ndili kamwana, "ine ulendo wanga wayandikira. Ndikapita mukandiike pambali pa bambo anga. Koma manda aja ndi kamulu chabe, n'zamanyazi. Timangepo chiliza ndikadali kuona."

Ndinawakalipira kuti asamayankhule za imfa m'nyumba mwanga. Komabe Loweruka lake ndinakwera minibasi ya ku Mzuzu kukaonana ndi osema miyala ya pamanda. Mkulu wa pamalopo anandiuza kuti dzina lokha silikwanira, mwala wopanda zaka umaoneka ngati chikwangwani cha golosale. Nditabwerako ndinawafunsa bambo. Iwo anayang'ana kumbali n'kunena kuti anali mwana, sakukumbuka, ndikafunse ku tchalitchi cha kumudzi, kuli mabuku akale.

Nkhani imene tonse tinakula nayo inali yaifupi. Agogo aamuna anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi bambo ali ndi zaka zitatu, anamwalira komweko, ndipo manda awo ndi awo ali pansi pa mtengo wa mbula kumudzi. Agogo aakazi anakwatiwanso ndi mng'ono wake wa malemuyo, monga zinkachitikira kale, n'kubereka azakhali anga. Ine, munthu wamkulu wosunga mafayilo a boma, sindinadzifunsepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti kodi mtembo unkachoka bwanji ku Joni masiku amenewo kufika pansi pa mbula. Ndinangomeza.

Ndinayambira kwa azakhaliwo, poti ndiwo atsala pamudzi. Ndinawapeza akuyanika chinangwa chovuula pathandala. Atamva chimene ndadzera sanasiye n'komwe ntchito yawo.

"Chaka cha chiyani? Mukufuna kuwadzutsa? Lembani dzina basi, mama. Anthu a kutauni mukakhuta mumasowa chochita."

Mtima unandipsa, koma ndinaugwira. Ndinati mumtima, nkhalamba iyi yangoipidwa kuti chiliza sichikumangidwa pa manda a bambo ake. Ndinatsanzika tiyi amene anandipatsa ndisanamalize.

Mabuku a tchalitchi ankasungidwa m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, m'kabati yachitsulo. Makiyi anali ndi alembi a mpingo, aphunzitsi opuma, munthu wosathamangira kanthu. Ankandilola Lachitatu lokha masana, ndiye ndinkapempha kuweruka msanga n'kukwera kabaza wa njinga yamoto kukwera mapiri onse aja. Iwo ankayamba ndi pemphero, kenako kupukuta magalasi, kenako kupukutanso. Abale inu, ine ndine waphuma, ndinkangomva mutu kuwira.

Mabukuwo anali omvetsa chisoni. Denga linkadontha zaka zambiri, masamba ena anamatirirana, inki inasungunuka n'kukhala mabanga. Chiswe chinalowa m'buku la maliro n'kudya pakati penipeni, zaka zomwe ndinkafunazo. Ukatsegula tsamba, fumbi lofiira linkagwera pamiyendo. Mayina a anthu a mudzi wonse anali mmenemo, ena atatsala theka, ena chilembo choyamba chokha. Alembi ankawerenga ndi chala, nthawi zina n'kuima kuti andiuze kuti uyu anali wopala mabwato, uyu ana ake onse anathera ku Halale, banja ili linatha psiti. Zinalembedwa m'Chitonga chakale, ndiye ine ndinkangodalira pakamwa pawo.

Lachitatu lachisanu tinapeza ubatizo wa bambo. Ndinajambula tsambalo ndi foni, ndipo nditawaonetsa kunyumba anangogwedeza mutu. Patapita milungu ina tinapeza ukwati wachiwiri wa agogo aakazi, pambali pa dzina lawo atalembapo kuti wamasiye. Ndinawomba m'manja. Ndinati basi, tichotsepo chaka chimodzi pamenepa, chimenecho ndicho chaka cha imfa, ndani adzatitsutse?

Alembi anakana. Anati pa mwala salembapo zongoganizira, mwala sufufutika. Anati pali buku linanso, la misonkhano ya akulu a mpingo, mwina imfayo anaitchula mmenemo. Limenelo silinkakhala m'kabati. Ankalisunga kunyumba kwawo, lokulungidwa m'pulasitiki, chifukwa ndi mmene munalembedwa milandu ya anthu: amene anaimitsidwa Mgonero chifukwa cha mowa, mitala, chigololo, kupita kwa sing'anga. Anati zidzukulu za anthu amenewo zikadali moyo ndipo zimayimba kwaya.

Analibweretsa Lachitatu lotsatira. Tinawerenga masamba ambiri osapeza imfa ya agogo. Ndinati tisiye, iwo anati tipitirire pang'ono. Tinadutsa zaka zingapo kupyola pa ukwati uja. Kenako chala chawo chinaima. Anavula magalasi, n'kutseka bukulo pang'onopang'ono.

"Mama, tiyeni tilekere pompa lero."

"Mwaona chiyani, aphunzitsi?"

"Zakale izi. Sizithandiza pa chiliza."

Ndinaimirira. Ndinawauza kuti ndakwera mapiri awa miyezi itatu, ndapuma fumbi la chiswe mpaka chifuwa, bambo anga akufa kunyumba, ndipo sindichoka m'kachipindamo. Ndinalankhula mokweza m'nyumba ya Mulungu, ndipo ndikuchita nazo manyazi mpaka pano. Iwo anatsegulanso bukulo.

Munalembedwa kuti akulu a mpingo amva zoti mwamuna woyamba wa mayi uje, amene anthu ankamuyesa wakufa, wabwera wamoyo kuchokera ku Joni. Mayiyo aimitsidwa Mgonero, pamodzi ndi mwamuna wake wachiwiri, kufikira mlanduwo utaweruzidwa. Mayi ujeyo anali agogo anga. Masamba awiri patsogolo panali mizere inayi yokha. Mwamuna woyambayo anaonekera pamaso pa akulu, n'kunena kuti sakufuna mkazi wake abwerere kwa iye, sakudandaula za mng'ono wake, ndipo akupempha kuti awiriwo abwezeretsedwe ku Mgonero. Akulu anavomera. Dzina lake silinatulukenso m'buku lonselo.

Ndinakhala pansi. Ndinafunsa funso lopusa, kuti nanga m'manda muja muli ndani. Alembi anati zimenezo ndikafunse kwathu.

Sindinadikire Loweruka. Kuchoka pa tchalitchipo ndinalunjika kwa azakhali. Ndinawaonetsa chithunzi cha tsambalo pa foni, ngakhale sadziwa kuwerenga. Sanafunse kuti n'chiyani. Anakhala pa mtondo wogona pansi, n'kuyamba kufotokoza ngati munthu amene watopa ndi kusenza.

Anati kunabwera kalata yochokera kwa mnzawo wa kumgodi, yonena kuti munthu wanu wafa. Pamodzi ndi kalatayo panabwera bulangete lake. Kwathu kuno maliro salira opanda manda, ndiye akuluakulu anadula thunthu la nthochi lotalika ngati munthu, analikulunga m'bulangetelo, analiika m'manda ndi nyimbo zonse. Anameta, chaka chinatha, mng'ono wake analowa m'nyumba. Patapita zaka zisanu ndi zinayi munthu uja anatsika sitima pa doko, wowonda, akutsimphina. Anadwala nthawi yaitali ku Joni, kenako anamangidwa chifukwa cha mapepala, ndipo kalata sankatha kulemba. Amayi amene anakumana naye panjira ya kumudzi anataya mitolo ya nkhuni n'kuthawa akukuwa.

"Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi," anatero azakhali. "Ndinkasuzumira pa mpanda. Anawakhazika pansi pa mtengo wa mango uja uli polowera m'mudzi. Chakudya ankawapatsira m'mbale yobooka, n'kuisiya patali."

Akuluakulu a pamudzi anati munthu amene analiridwa kale salowa m'mudzi wamba. Ayenera kusambitsidwa mankhwala, thunthu lija lifukulidwe, apo ayi imfa imene anamulirira idzagwira wina. Akulu a mpingo anati mkhristu wobatizidwa akasamba mankhwala amenewo adulidwa, iye ndi onse amene agwirepo dzanja. Pamudzi ponse anali akhristu, ndipo pamudzi ponse ankaopa imfa. Palibe amene anafuna kuyamba. Agogo anakhala pansi pa mtengowo masiku anayi akudikira kuti anthu agwirizane. Tsiku lachisanu anapita kukalankhula mawu aja kwa akulu a mpingo, n'kutsikira ku gombe la Chikale. Sanapondenso pamudzi.

"Nanga bambo?" ndinafunsa.

"Anali ku sukulu, kwa amalume awo ku Chintheche. Anawabisira. Ndipo iwe usakawauze, wamva? Munthu akufa umupatse katundu wotere? Nanga ine, ukafukula zimenezi ndikhala mwana wa ndani? Ndiyambe kutchedwa mwana wa m'chigololo ndili ndi imvi?"

Mkwiyo wonse umene ndinabwera nawo unathera pomwepo, ndinangomva kuzizidwa.

Ku Chikale ndinapita Loweruka m'mawa, wapansi. Ndinafunsa munthu wamkulu kuposa onse pagombepo, ndipo anandilozera nkhalamba ina imene inkasoka ukonde pamthunzi. Nditafotokoza za munthu wotsimphina wochokera ku Joni, nkhalambayo inasiya kusoka.

"Ooo, uja! Ana tinkamutcha mzukwa. Tinkamugenda."

Inanena zimenezi mopanda nkhanza, ngati ikunena za mtengo umene unagwa kalekale. Inati munthuyo ankasoka maukonde bwino kuposa wina aliyense, koma palibe amene ankamulola kukwera bwato, poti munthu woliridwa kale amathawitsa nsomba. Ankagona m'kachisakasa ka udzu, yekha. Sanakwatirenso. Lamulungu ankavala jekete n'kukakhala kunja kwa tchalitchi cha pa boma, kumvera nyimbo pawindo. Anakhala pagombepo zaka zoposa khumi. Atamwalira, asodzi anatumiza uthenga kumudzi, yankho n'kubwera loti munthu ameneyo tinamuika kale. Ndiye anakamuika pamtunda, pamene ankaika alendo ndi anthu omira osadziwika kwawo.

"Chinali chaka chanji, agogo?"

"Chaka cha mvula yambiri."

Ndinatsala pang'ono kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ndi chaka chiti ku Nkhata Bay kuno chopanda mvula yambiri?

Ndinakwera pamtunda umene anandilozera. Panalibe mtanda, panalibe mwala, panalibe ngakhale kamulu. Unali munda wa chinangwa, mizere yake yopita motsetsereka, mbali ina mpanda wa malo ogona alendo. Mayi wina amene ankapalira anati mundawo anaupeza kwa apongozi ake, za manda sanamvepo. Anandifunsa ngati ndikufuna kugula malo.

Ndinakhala nazo mumtima sabata yathunthu. Kuntchito ndinkasokoneza mafayilo, kunyumba ndinkapsera mtima mapoto. Lamulungu m'mawa ndinatulutsa beseni la madzi ofunda pakhonde kuti ndiwathowe bambo mapazi. Ndili chigwadire, iwo anafunsa.

"Chaka chija, amayi?"

"Chiswe chinadya, adadi. Tingolemba dzina."

"Buku la akulu a mpingo nalonso chiswe?"

Manja anga anaima m'madzimo. Ine sindinawauzepo za buku limenelo.

Analankhula akuyang'ana kumsewu. Anati ali ndi zaka khumi ndi zitatu anabwera ku holide, n'kupita ndi anzawo kukasambira ku Chikale. Anzawowo anayamba kugenda mzukwa, iwonso anatola mwala. Unamupeza paphewa. Munthuyo sanakalipe. Anangowayang'ana, n'kuwaitana ndi dzina la ukhanda, limene ankaitanidwa nalo m'nyumba mokha asanabatizidwe. Atafika kunyumba anawafunsa mayi awo kuti munthu wa kugombe uja walidziwa bwanji dzina limenelo. Mayi awo anawaomba mbama, kenako n'kukhala pansi kuyamba kulira. Sipanafunikenso kufotokoza.

"Ndinkawadutsa, amayi. Zaka zonse za sukulu ndinkawadutsa ngati sindikuwaona. Ndinkaopa kutchedwa mwana wa mzukwa. Nditayamba ntchito ndinawagulira malaya, ndinafika nawo mpaka pa njira yotsikira kugombe. Ndinawaona akusoka ukonde, chogwada chonchi. Ndinabwerera, malaya aja ndinavala ndekha. Ulendo wotsatira kachisakasa kanalibe munthu, ndipo sindinafunse aliyense."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinataya thaulo pansi.

"Ndiye munandituma dala? Miyezi inayi ndikukwera mapiri, kukalipira alembi m'tchalitchi, kuliza azakhali, inu mukudziwa zonse? Bwanji osangondiuza?"

"Pakamwa panga panakana zaka makumi asanu ndi limodzi. Ndinati mwana wanga uyu ndi wamakani, akangoyamba safooka, akafika pamene ine ndinalephera." Anapuma movutika. "Wapeza pamene anawaika?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti za chaka analibe nazo ntchito. Ndinawauza zoona: munda wa chinangwa, wa eni ake, wopanda chizindikiro chilichonse. Misozi inatsika m'masaya mwawo osaipukuta. Chibadwire sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a mayi anga. Ndinatola thaulo lija n'kupitiriza kuwathowa mapazi, madzi atazizira kale.

Anapempha kuti ndiwatengere kumeneko. Ndinapeza galimoto, koma msewu umathera m'munsi, ndipo iwo sakanatha kukwera mtunda. Anayang'anira pawindo. Anandifunsa kuti ndi pati penipeni. Ndinaloza pakati pa mundawo, pamene chinangwa chinali chobiriwira kuposa pena. Ndinanama, ndipo ndikuganiza kuti anadziwa kuti ndikunama, koma anayang'ana pamenepo nthawi yaitali mpaka woyendetsa galimoto anayamba kutsokomola.

Anamwalira patatha milungu itatu.

Pa zokambirana za maliro ndinayesa kulankhula. Ndinati bambo anapempha kugona pambali pa bambo awo, ndipo m'manda a pansi pa mbula mulibe bambo awo. Kenako mkulu wina wa kubanja, amene sindinkamudziwa n'komwe, anati mwana wamkazi wokulira ku Lilongwe asatiphunzitse manda athu. Ndinafuna kumuyankha, mawu anali kale pamlomo, koma ndikanati chiyani? Tikakumbe m'munda wa eni ake, pamalo amene ine ndinangoloza ndi chala? Anyamata anapita kukakumba pambali pa kamulu kaja.

M'mawa wa tsiku loika maliro ndinazemba n'kutsikira ku Chikale. Mayi wa munda uja ndinamupeza, ndinamuuza zonse mwachidule, n'kumupempha dothi pang'ono. Sanandifunse zambiri. Anandibwereka khasu lake, ndinakumba pakati pa mizere n'kudzaza kajumbo kakang'ono. Ndinakamanga kunsonga ya chitenje.

Kumanda, bokosi litatsika, abusa anaitana ana ndi abale kuti tiponye dothi. Mnyamata wa fosholo anandiyandikizira dothi la pamandapo, ine ndinapukusa mutu n'kumasula chitenje. Dothi la ku Chikale ndi lotuwa, lamchenga, silifanana ndi katondo wofiira wa kumudzi. Aliyense amene anali pafupi analiona. Ndinatapa dzanja limodzi n'kuponya pa bokosi la bambo.

Ndisanatapenso, wina anandigwira pamkono mwamphamvu. Anali azakhali. Ndinati basi, lero tichititsana manyazi pamaso pa anthu. Anayang'ana m'kajumbomo, anandiyang'ana kumaso, n'kufunsa motsitsa mawu.

"La kugombe?"

Ndinavomera ndi mutu. Anandisiya mkono n'kutambasula chikhatho. Ndinawathirira lonse lotsala.

Iwo sanaponye m'dzenje la bambo. Anatembenuka, anayenda mapazi atatu, anagwada movutika pa kamulu kakale kaja, n'kuliwaza pamenepo pang'onopang'ono, akusalaza ndi dzanja. Nyimbo inali itaima. Palibe amene anawaletsa, ndipo palibe amene anafunsa.